Dzanja Lothira Mchere

Chaka chomwe ndinachoka sindichikumbuka. Ndimakumbuka ndiwo zomwe zinali pamoto: khwanya wotendera, wopanda mchere, chifukwa panthawiyo anali atandiletsa kale kuukhudza.

Ndinali ku chitengwa, kwawo kwa amuna anga a Lufeyo. Matenda awo anayamba ndi chifuwa, kenaka miyendo inatupa, nkhope inatuwa, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda. Apongozi anga sanafune kumva zomwe ananena a chipatala. Iwo anati linali tsempho. Anati ndine ndinawadula, kuti ndinathira mchere m'ndiwo thupi langa lili lotentha, mwina nditachokera kwa mwamuna wina.

"Mwana wanga wadyera imfa m'mbale mwako," anatero pamaso pa anthu tsiku lometa.

"Amayi, ine sindinawadule," ndinayankha. "Zaka zonsezi ndawaphikira ndi dzanja lomweli."

"Dzanja lomwelo lisakhudzenso mchere pamudzi pano."

Kuyambira pamenepo ndinkaphika ndiwo mpaka kupsa, n'kuima pambali kudikira mlamu wanga kuti adzathire mchere. Masiku ena ankachedwa dala, ndiwo n'kupserera ine ndikuona. Tsiku lomwe anandisudzula ndinasiya khwanya uja akuwira pamafuwa. Kwathu makolo anali atatha, munda abale atagawana, choncho ndinangotsata njira yomwe inali patsogolo panga.

Ndinayenda nthawi yaitali. Midzi inkafanana. Paliponse panali mjigo ndi amayi oima pamzere, paliponse mbuzi yamawanga inkandiyang'ana ngati tinakumanapo. Nthawi zina ndinkawoloka mlatho n'kumva ngati ndinauwoloka kale dzulo lake.

Mudzi woyamba kundisunga unali m'munsi mwa mapiri ouma, kumene mvula imabwera ngati mlendo wosakhazikika. Amene anandilandira anali a Nangondo, mayi wamtali, woyankhula mokhadzula, amene amuna awo ankakhala kumowa kuposa kumunda. Sanandifunse kochokera. Anangondionetsa mulu wa nkhwani n'kunena kuti, "Ngati muli ndi manja, sadzulani."

Kwa iwo ndinaphunzira kufutsa. Tinkathyola masamba m'dzinja, kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika pamphasa mpaka aume, kenaka kuwakulunga m'masamba a masuku kukhala zikwatu zomwe tinkapachika kudenga. Ndinaphunziranso kutentha zitsononkho ndi makoko a nyemba, kudontheza madzi m'phulusa lake kuti tipeze chidulo chophikira therere.

"Ndiwo za m'chilimwe zimathyoledwa m'dzinja," ankatero a Nangondo. "Wodikira njala kuti imuuze, amadya ndi misozi."

M'nyumba mwawo ndinkathira mchere ndekha. Ana awo ankadya, n'kumakula.

Kenaka panabwera chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Anapha mbuzi, ndipo mphika wa nyama anaupereka kwa ine. Tinali kuseri kwa nyumba, utsi uli m'maso, amayi akuseka za mkamwini amene ankachita manyazi mpaka kukhumudwa pakhonde. Ndili mkati motakasa, mayi wina wa kuchimuna anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Si inu munali ku chitengwa kwa a Lufeyo?"

"Ndine."

Mayiyo anandisiya. Anapita kukanong'oneza anzake, ndipo kuseka kuja kunatha. Posakhalitsa wamkulu wa amayi a kuchimuna anabwera.

"Takasani, mayi, koma mchere athira ena."

Mcherewo unali kale m'dzanja langa. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana mphika, n'kutsegula dzanja. Ndinatakasa bwinobwino, n'kulawa msuzi pachikhatho.

"Wakwana," ndinatero.

Anthu a kuchimuna anakana kudya. Anati ngati nyamayo ifika pamphasa, chinkhoswe chatha. A Nangondo ananyamula mphikawo okha n'kukaukhuthula kudzala. Madzulo alendo atapita anandipeza ndikutsuka mbale.

"Ine ndikudziwa kuti n'zopanda pake," anatero osandiyang'ana. "Koma mwana wanga akwatiwe. Mwandimva?"

"Ndakumvani."

Sindinachoke nthawi yomweyo. Nyama ija anadya agalu a pamudzipo, ndipo ndinafuna ndiwaone kaye. Ndinakhala masiku angapo ndikuwayang'ana. Sanatupe. Mmodzi ananenepa. Nditakhutira ndinamanga kathumba kanga. A Nangondo anandipatsa chikwatu chimodzi, ndinalandira, koma sitinatsanzikane.

Njira inanditengera ku tauni ya njanji, kumene fumbi limakhala pamilomo tsiku lonse. Kumsika ndinapeza ntchito pa chiimirire cha Abiti Chande, mayi wamfupi wovala mpango woyera, amene ankaphikira onyamula katundu ndi oyendetsa njinga. Iwo anandiphunzitsa mpunga.

"Mpunga sufuna kusuzumiridwa," ankatero. "Madzi akauma, chotsani nkhuni, ikani makala pachivundikiro, musiyeni. Mukamamutsegulatsegula amakwiya."

Tsiku lina ndinawauza za ine, kuti asadzamve kwa ena. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kuno munthu akakhala ndi njala safunsa dzanja. Thirani."

Ndinathira. Ndinathira m'nyemba, m'kabichi, m'matemba, m'mapoto aakulu oti mwana akhoza kusambiramo. Palibe anafunsa. Poyamba zinandikomera. Kenaka ndinaona kuti palibenso amene ankandiyang'ana. Anthu ankadya ataimirira, maso ali kumsewu, akamaliza n'kusamba m'manja n'kupita. Kumudzi dzanja langa ankaliopa. Kuno linali ngati chipande.

Panali bambo mmodzi yekha amene sankadya choimirira. Anali a Jesimani, okhoma zidebe kumapeto kwa msika, a imvi m'ndevu, akazi awo atamwalira kalekale. Ankabwera ndi njerwa yawo, kuiika pansi, kukhalapo, n'kudya pang'onopang'ono ngati ali pakhomo pawo. Akamaliza ankati, "Lero nyemba munaziganizira," kapena, "Lero munali ndi nkhawa, anyezi wapserera." Ndipo nthawi zonse ankanena zoona.

Chilimwe china msika unapsa. Abiti Chande anabwerera kwawo. Ine ndinaima paphulusa osadziwa kolowera, ndipo a Jesimani anabwera atanyamula nyundo zawo m'thumba.

"Ndili ndi nyumba kudambo," anatero. "Kuli dimba. Mulibe mawu a munthu."

"Musanapitirize, mudziwe kuti ine amati ndinadula amuna anga ndi mchere."

"Munawadula?"

"Ayi."

"Ndiye tiyeni. Ine ndimakonda mchere wambiri."

Zaka za kudambo ndimaziona ngati tsiku limodzi lalitali. M'mawa iwo ankakhoma zidebe pansi pa mtengo wa gwafa, ine ndikuthirira mpiru. Masana tinkadya pakhonde, m'mbale imodzi, zomwe ku chitengwa sindinachitepo. Ankakonda futali wa mbatata, ndipo ankakanda za m'mphika ndi supuni ngati kamwana. Lamulungu anzawo ankabwera kudzasewera bawo. Ine ndinkakonza thobwa, ndikukazinga mtedza wowaza madzi a mchere, n'kuuika palichero pakati pawo. Ankakangana za mbuzi, za mvula, za yemwe wabera njombwa, manja ali m'licheromo. Panali a Dayitoni, ogontha khutu limodzi, amene ankati mtedza wanga ndi umene unkawagonjetsa chifukwa ankaiwala kuwerenga.

Kenaka dzinja lina a Jesimani anadwala. Anayamba ndi chifuwa.

Ndinawatengera ku chipatala, anawapatsa mankhwala, tinabwerera. Koma nditafika pamoto kuti ndiphike, dzanja langa linakana. Ndinkatapa mchere n'kuubwezera. Ine amene ndinatsegula dzanja pamaso pa anthu a chinkhoswe, ine amene ndinadikira agalu, ndinapeza kuti mawu a apongozi ndinayenda nawo njira yonse, anangogona m'mimba mwanga. M'mawa uliwonse ndinkawavundukula mapazi kuti ndione ngati atupa.

Anadya ndiwo zozizira osadandaula mpaka tsiku lina anakankha mbale.

"Mayi, bweretsani mphikawo pano, ndi mchere womwe."

Ndinabweretsa.

"Thirani ndikuona."

"Bambo, mukachira."

"Chifuwachi mwina chindipha, mwina ayi. Koma ndiwo zozizirazi zindipha msanga. Ndipo ndikafa mukudya nane chonchi, mudzakhulupirira kuti amayi aja ananena zoona. Thirani."

Ndinathira. Anadya, ananyambita zala, anagona. Masiku otsatira ndinathirabe. Mvula isanathe anali atabwerera pansi pa gwafa, nyundo ili m'manja.

Chomwe chinawachotsa kwa ine si matenda amenewo. Patapita nthawi maso awo anachita khungu. Ana awo, amene sindinawaonepo, anabwera pagalimoto kuchokera kumzinda waukulu. Ndinawaphikira nkhuku. Anadya bwino. Atasamba m'manja, wamkulu anandifunsa mwaulemu.

"Pepani amayi, inu kwenikweni ndinu ndani pano? Ankhoswe anu ndi ati?"

Ndinalibe ankhoswe. A Jesimani anati, "Awa ndi akazi anga," koma mwanayo anangowasisita phewa ngati odwala amene akubwebweta. Anati akuwatenga kuti akaonedwe maso, abwera posachedwa. Ali m'galimoto, a Jesimani anatulutsa mutu pawindo, akuyang'ana kumene kunalibe ine.

"Mtedza uja muuvundikire, makoswe."

Sanabwerenso. Uthenga wa imfa yawo unandipeza atawaika kale, ndipo unabwera ndi munthu amene anagula nyumbayo. Anandipatsa masiku oti ndisamuke. Ndinamuuza kuti ndisamuka ndikalira maliro a amuna anga.

"Maliro ake ati? Mtembo uli kuti?"

"Inu mudzangobwera kudzadya."

Ndinazula mpiru wonse m'dimba, ndinapha nkhuku zotsala, ndinaphika thobwa lodzaza ndowa zomwe a Jesimani anakhoma. Ndinaitana a bawo ndi akazi awo. Ndinayala mphasa, ndinakhala pamalo a mkazi wamasiye, ndinalira mokweza, ndipo amayi analira nane. A Dayitoni anaimirira n'kunena mbiri ya malemu, ndipo potchula osiyidwa anayamba ndi ine. Wogula nyumba uja anabwera, anakhala kumapeto, anadya. M'mawa mwake ndinameta ndekha n'kunyamuka.

Kuchokera pamenepo ndinakhala wophika pamiyambo. Kumene ndaona utsi wambiri kuseri kwa nyumba, ndinkakhota. Pamaliro, paukwati, pa sadaka, povundukula chiliza, sipasowa malo a munthu wodziwa moto wa poto wamkulu. Ndinaphunzira kuti pamaliro nyemba zimatha msanga kuposa paukwati, kuti adzukulu amayamba kupatsidwa, kuti nkhani zenizeni za banja zimakambidwa posenda anyezi. Tsitsi langa linamera loyera. Mbiri ya a Lufeyo inatopa n'kutsalira m'njira.

Tsiku lina ndinafika pamudzi womwe unandiimitsa mtima. Nyumba zinayang'ana kumene zinkayang'ana za ku chitengwa kuja, nkhokwe inapendekera mbali yomweyo. Koma anthu anali ena. Linali tsiku lometa, ndipo amayi ankaphikira abale ochokera kutali. Ndinapempha mpeni n'kukhala nawo.

Chapatali pang'ono, pamafuwa akeake, panali mtsikana wometedwa kumene, akutakasa nyemba. Zitapsa anachotsa nkhuni, n'kuima pambali, manja atawapinda kumbuyo. Kuima kumeneko ndinakudziwa ndisanafunse.

"Ndi Zelesi, mkazi wa malemu," anandinong'oneza mayi amene ndinakhala naye. "Mwamunayo anafa atatupa. Apongozi ake, a Nankhoma, akuti ndi tsempho."

Ndinasiya mpeni, ndinatenga mbale ya mchere, ndinapita.

"Zapsa, mwana wanga?"

"Zapsa, amayi. Ndikudikira alamu."

"Tambasula dzanja."

Anandiyang'ana, anayang'ana kwa amayi aja. Kenaka anatambasula. Ndinamutsanulira mchere pachikhatho. Sindinamugwire mkono. Anaima nawo kanthawi, ndipo anathira yekha.

A Nankhoma anatuluka m'nyumba ya siwa atagwiriziza chitenje. Anali mayi wochepa thupi, maso atatupa ndi kulira.

"Inu ndinu ndani, mayi, wodzasokoneza pamaliro a mwana wanga?"

"Ndine wapaulendo. Nanenso anandinenapo zomwezi."

"Mwana wanga anali wamphamvu. Ankanyamula thumba la chimanga yekha. Mukufuna ndinene kuti wangofa chabe?"

Mawu amenewo apongozi anga sanawanenepo, koma ndinawamva ngati akuchokera kwa iwo, atachedwa zaka zonsezo. Mkwiyo womwe ndinabwera nawo unasowa pogwira.

"Inde mayi," ndinatero. "Wangofa. N'chifukwa chake zikupweteka chonchi. Koma uyu sanamuphe."

Ndinapakula nyembazo m'mbale, ndinakhala pansi pakati pa bwalo, pamene amuna ndi akazi omwe ankandiona, n'kudya. Ndinadya mosafulumira. Nditamaliza ndinapakulanso. Palibe anabwera kudzadya nane. A Nankhoma anabwerera m'nyumba, ndipo nyemba zotsala zinakhala pamafuwa mpaka ntchentche zinazipeza.

Anthu atabalalika ndinamupeza Zelesi akukwecha mphika ndi mchenga.

"Akusudzula posachedwa," ndinamuuza. "Usadikire. Tiye tipite limodzi. Ndikuphunzitsa mpunga, ndikuphunzitsa kufutsa. Njira siifunsa munthu."

Anapitiriza kukwecha.

"Zikomo amayi, koma ine sindichoka."

"Sudziwa zomwe zikubwera. Udzaphika, palibe adzadye. Ana adzawaletsa kufika pakhomo pako."

"Nyumba iyo njerwa zake ndinaumba ndine. Madzi ake ndinatunga ndine, pamutu. Nthochi izo ndinabzala ndine. Wondinenera bodza ndi amene asamuke, ngati bodzalo likumulemera."

Zaka zonse ndinkayesa kuti kuchoka mutu uli m'mwamba ndiko kulimba mtima konse komwe munthu angakhale nako. Mwana uyu, wa msinkhu woti ndikanamubala, ankandiuza zina, mchenga uli m'manja.

"Uli ndi mphasa yapadera?" ndinafunsa.

"Ilipo."

Ndinakhala. Abale a malemu anabwera kudzamusudzula, iye anawayalira mkeka, anamva zonse, n'kunena kuti wamva koma sapita. Anabweranso ndi mawu okalipa, anayankha chimodzimodzi. Anawopseza kuti asasula denga, iye anati asasule, agona m'zipupa. Denga sanalisasule.

Zelesi anachotsa mafuwa m'khitchini n'kuwaika panja, kutsogolo kwa nyumba, poyang'anana ndi njira ya kumjigo. Ankaphikira pamenepo. Ikafika nthawi ya mchere sankabisa, ankakweza dzanja kuti aliyense wodutsa aone. Tinkadya awiri pakhonde. Amayi ankadutsa ndi zidebe, maso ali kutsogolo. A Nankhoma ankakhala pakhonde pawo tsidya la bwalo, akusenda nandolo, osayankhula. Zelesi ankawapatsa moni m'mawa uliwonse. Sankayankha, iye osasiya.

Masiku ena Zelesi ankalira. Ankalowa m'nyumba, n'kutuluka atasamba kumaso, n'kufunsa kuti, "Lero tiphika chiyani?" Ndinamuphunzitsa chidulo. Iye anandiphunzitsa chigumu cha nthochi chophikira m'masamba, chomwe m'maulendo anga onse sindinachidziwe.

Chilimwe chinakula. Madimba anauma, masamba anasowa, ndipo pamudzi ponse anthu ankadyera therere louma lokhalokha. Ife tinali ndi zikwatu kudenga, chifukwa tinafutsa pamene ena ankatiseka. Tsiku lina masana Zelesi anaphika mfutso wa nkhwani wotendera, fungo la nsinjiro linadzaza bwalo.

Tikuti tipakule, tinaona a Etelina, oyandikana nafe, mayi wa ana ambiri, akubwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili m'chitenje. Anafika, anagwada pambali pa mafuwa, anapereka moni wautali, anafunsa za kutentha, za chifuwa changa. Kenaka anatulutsa mbale.

"Achemwali, kwathu lero kulibe ndiwo."

Zelesi anayang'ana mbaleyo. Tsidya la bwalo a Nankhoma anali atasiya kusenda.

"Zathiridwa mchere," anatero Zelesi, mokweza pang'ono. "Ndi dzanja langa."

"Ndikudziwa. Ndinaona."

Zelesi anatenga chipande, anapakula, anawonjezera, mpaka mbale inadzaza. A Etelina analandira ndi manja awiri, anaimirira, n'kuyenda kudutsa pakati pa bwalo osaivundikira.

Atafika pakati, Zelesi anawaitana.

"Achemwali, mbaleyo ikadzabwerera kuno isadzabwere yopanda kanthu. Nanenso ndimafuna kulawa za kwanu."